Pampu ikungoyaka yokha ndisanadine batani

FUNSO: Achimwene, ndalumikiza batani pa pini 2 (polumikizira waya) ya Arduino Uno (kabodi kakang'ono ka kompyuta koyendetsera zipangizo) kuti ndiziyatsira pampu yothirira kudimba, koma ikumangoyaka yokha, kungoyandikitsa dzanja basi. Vuto ndi chani? Wowerenga, Chipoka, Salima

YANKHO: Pini yanuyo ili lendelende achimwene, musanadine siikukhudza 5V kapena GND (mbali ya negativu) ndiye imangotola timagetsi tapafupi, ngakhale ta m'dzanja lanulo, n'kumawerenga zilizonse. Mu pinMode (mzere wa pulogalamu wouza pini ntchito yake) lembani INPUT_PULLUP kuti pini izikokeredwa ku 5V, mwendo wina wa batani upite ku GND, resistor (kachipangizo kochepetsa magetsi) yoikokera ku 5V ili kale mkati mwa Arduino simugula. Koma apa samalani, mukadina pini iziwerenga LOW (0V) osati HIGH (5V), ambiri amasokonezekera pomwepa. Komanso tizitsulo ta m'batani timanjanja mukangodina, ndiye pulogalamu yanu idikire mamilisekondi 50 isanavomereze. Pampuyo chonde isamwe magetsi pa pini, muwotcha bodi, idutsire pa relay (swichi yomwe Arduino imayatsa ndi timagetsi tochepa).