Yunifomu ya bwana wa Keyala: yankho kwa achimwene a gulu la zisudzo

Sabata yatha ndalandira imelo kuchokera kwa achimwene ena a gulu la zisudzo. Akukonza sewero la asilikali akwathu pobwera kuchokera ku Burma nkhondo yachiwiri itatha mu 1945, ndiye akuti apeza jekete yofiira ya mphonje zagolide m'mapewa pa kaunjika, akufunsa ngati ingakhale ya bwana wamkulu pa perete, ndipo ngati ayi telala amuuze zotani.

Achimwene, jekete imeneyo isungeni kaye, ya sewero lina. Zofiira zija asilikali a ku Britain anasiya kupita nazo kunkhondo kalekale zaka za m'ma 1800 zisanathe, ndipo King's African Rifles, nthambi ya asilikali a kuno ku Africa pansi pa Britain imene agogo athu ankangoti Keyala, inakhazikitsidwa mu 1902 khaki atalowa kale. Mabataliyoni a 1 ndi 2 anali a Nyasaland, kwawo ku Zomba, ndipo pa perete kunali khaki basi, kuyambira bwana mpaka msilikali wamba.

Yambani ndi nsalu, apa ndi pomwe ambiri amaphonya. Imafunika khaki drill, ya thonje, yolimba, ukayiyang'anitsitsa pafupi ili ndi timizere topendekeka ngati ta jinzi. Musalole telala akunyengereni ndi poliyesitala ya mayunifomu a sukulu, imanyezimira pa magetsi komanso siigwira sitachi, pamene ya nthawi imeneyo inkamwa sitachi n'kusitidwa mpaka mzere wa buluku kuima wokha. Jekete ya bwana ikhale ya matumba anayi okhala ndi zivundikiro, awiri a pachifuwa aang'ono opinda pakati, awiri a m'munsi akuluakulu, kolala yotseguka kuti shati ndi tayi zizioneka. Ndipo musanadule nsaluyo iviikeni m'madzi iume, thonje limafupika.

Kenako lamba. Ndimamva chisoni ndikaona jekete yosokedwa bwino koma lamba wake atamupingasa mbali yolakwika. Dzina lake ndi Sam Browne, kuchokera kwa mkulu wa asilikali amene anaduka mkono wamanzere ku India mu 1858, ndiye pokhala ndi dzanja limodzi ankavutika kugwira chimake posolola lupanga, n'kuganiza zowonjezera kalamba kodutsa paphewa. Kalamba kameneko kamadutsa paphewa lakumanja n'kutsikira m'chiuno kumanzere komwe kuli lupanga, osati kwinako. Chikopa chofiirira, zomangira za mkuwa, polishi wokwanira. Wosoka nsapato waluso pamsika akhoza kukupangirani mukamuonetsa chithunzi.

Maudindo ali m'mapewa: nyenyezi imodzi ndi second lieutenant, ziwiri lieutenant, zitatu kaputeni, korona yekha ndi meja. Koma korona ali pawiri, samalani pogula pa intaneti. Mu 1945 mfumu inali George VI, korona wake pamwamba ndi wozungulira ngati chiguduli cha dzungu, pomwe uja wolowa pakati ngati mtima ndi wa Elizabeth II, anayamba kuoneka pa mabaji cha mu 1953. Kumutu, chipewa cha khonde lalikulu chopinda mbali imodzi chikhala bwino.

Pali china chimene mu imelo simunafunse koma sindingachisiye. Mu 1945 maofesala a Keyala anali azungu, Mmalawi ngakhale alimbe mtima chotani ankathera pa usajeni kapena sajeni meja, Mmalawi woyamba kutsogolera asilikali onse, Graciano Matewere, anafika pampandowo mu 1972. Ndiye msilikali wakwathu m'sewero lanu musamuike nyenyezi paphewa pofuna kumulemekeza, mubisa nkhani yeniyeni imene anthu akuyenera kuiona. Mupatseni mizere itatu pamkono, kabudula wa khaki, nsalu zokulunga kuyambira m'kakolo mpaka m'munsi mwa bondo, ndi chisoti chachitali chopanda khonde chija amati fez. Cha ma bataliyoni ambiri chinali chofiira koma cha a Nyasaland chinali chakuda, ndiye musagule chofiira chifukwa choti ndi chimene chadzaza pa intaneti. Ngati pali gawo la m'nkhalango ku Burma komweko, kumeneko ankavala zobiriwira, khaki ndi wa pa perete.

Za mawangamawanga zofanana ndi za MDF zipeweni, sizinaliko nthawi imeneyo komanso asilikali salola anthu wamba kuvala. Telala akamaliza jekete yoyamba nditumizireni chithunzi cha kutsogolo ndi cha m'mbali musanasoketse zina zonse.