Bungwe lapita, mkombaphala watsekedwa, ndiye titani?

Sabata ino ndikuyankha imelo ya mayi wina amene akugwira ntchito ku Johannesburg koma kwawo ndi ku Thyolo, dzina sinditchula. Akuti kumudzi kwawo kunabwera bungwe linalake, linamanga sukulu ya mkombaphala yokongola, ya malata, yopaka penti, makatungwe panja, koma pulojekiti itangotha bungwe lija linanyamuka ndipo pano m'nyumbamo mukugona mbuzi. Iwo ndi anzawo akumudzi amene ali ku Joni akufuna kusonkha ndalama. Funso lawo ndi ili: "Kodi mabungwewa amathandizadi ana kapena amangodyera pa ife? Nanga ifeyo tiyambitse bungwe lathu kapena titani?"

Achemwali, zikomo polemba. Pa funso loyambalo ndinene mosapsatira kuti pakanapanda mabungwe ndi mipingo, mkombaphala wa kumudzi bwenzi kulibe m'madera ambiri. Boma lathu mwana limamulandira ku Sitandade 1 ali ndi zaka 6, pulayimale yaulere ija inayamba 1994, koma za mwana wa zaka 3, 4, 5 zinasiyidwa m'manja mwa makolo ndi akufuna kwabwino. Ngakhale unduna woyang'anira zimenezi si wa zamaphunziro ayi, ndi wa jenda ndi chisamaliro cha anthu, ndipo ndalama zomwe umapatsidwa pa ntchitoyi ndi zochepa zedi. Kale mikombaphala inali ya m'tauni, ya ana a anthu a pantchito, bungwe la Association of Pre-school Playgroups in Malawi linayamba cha mu 1970. Za kumudzi zija amati ma CBCC, malo osamalirako ana ang'ono oyendetsedwa ndi anthu a m'mudzi, zinayamba kumapeto kwa zaka za m'ma 1980 mothandizidwa ndi UNICEF, kenako Edzi itafika povuta m'ma 1990, ana amasiye atachuluka mpaka agogo kulephera, midzi yambiri inatsegula malo oti ana azikadyako phala ndi kusewera masana. Ndondomeko ya boma ya mmera mpoyamba, yokhudza kakulidwe ndi maphunziro a ana ang'ono, inabwera pambuyo, mu 2003, anthu atayamba kale okha.

Ndiye kunena kuti onse amangodya ndalama kungakhale kulakwa. Mary's Meals inayambira kuno komwe mu 2002 ndi ana pafupifupi 200, pano ana odya phala lawo m'Malawi muno anadutsa 1 miliyoni, ambiri ndi a ku pulayimale koma a mkombaphala alimonso. Roger Federer, wa tenesi uja, kudzera mu bungwe lake anayamba kugwira ntchito ndi ActionAid mu 2011 kumanga ndi kukonza mikombaphala komanso kuphunzitsa alezi, ndipo mu 2015 anabwera yekha kudzaona. Save the Children, World Vision, Plan, mipingo ya Katolika, CCAP, Asilamu, onsewa ali ndi malo amene akuwathandiza. Zimenezo ndi zooneka ndi maso.

Koma zomwe zachitika kwanuzo si zachilendo, ndipo si kuti anthu akwanu ndi aulesi. Pa kafukufuku wina wa World Bank m'maboma a Balaka, Dedza, Nkhata Bay ndi Thyolo kwanu komweko, anatenga mndandanda wa ma CBCC olembedwa ku boma n'kupita kukawaona mosadziwitsa, anakapeza kuti pafupifupi theka ndi amene anali otsegula tsiku limenelo. Chifukwa chachikulu chomwe anthu ankanena sichinali nyumba kapena mabuku, chinali chakudya. Ufa ukatha ana sabwera, ana akapanda kubwera mlezi amapita kudimba kwake, basi sukulu yatha. Ndiye muone miyezi yake, kuyambira Disembala mpaka Malichi nkhokwe zili mbee, mayi amene akusowa cha usiku mungamuuze kuti asonkhe mbale ya chimanga ya mkombaphala? Nthawi yomwe mwana akufunitsitsa phala lija ndi yomwenso sukulu imatsekedwa. M'dziko loti ana 37 pa 100 aliwonse osakwana zaka 5 anapezeka opinimbira pa kafukufuku wa 2015 mpaka 2016, imeneyi si nkhani yaing'ono.

Chachiwiri ndi alezi, ndipo apa ndi pomwe ine mtima umandipweteka kwambiri. Anthu amenewa, ambiri ndi azimayi, amagwira ntchito mongodzipereka. M'mawa wonse ali ndi ana 40 kaya 60, wina akulira, wina wadziipitsira, wina wamenya mnzake, kuwayimbitsa, kuwawerengetsa, kuwasambitsa m'manja, mwezi ukatha palibe ndi sopo yemwe. Tirening'i yomwe ambiri amalandira ndi ya masabata awiri basi, ndipo ambirinso sanapiteko n'komwe. Boma m'zaka zapitazi layamba kupereka kangachepe kwa alezi ena koma ndi ochepa poyerekeza ndi gulu lonse. Ndiye bungwe likabwera limaphunzitsa mlezi, kumupatsa tisheti ndi chitenje cholembedwa mmera mpoyamba, mwina kanjinga, nthawi ya pulojekiti alawansi ya wekishopu imagwako apo ndi apo, pulojekiti ikatha zonsezo zii. Mtsikana wa MSCE amene anaphunzitsidwa bwino uja akapeza ganyu ku esiteti ya tiyi kapena akakwatiwa mudzi wina mungamuletse? Simungathe. Maphunziro aja amapita naye, komiti n'kutenga wina woti sanaphunzirepo kalikonse.

Nanga bwanji mabungwe amakonda kumanga? Chifukwa nyumba imajambulika. Dona ali ku London kapena ku Oslo amafuna chithunzi cha buloko yopaka penti ndi chikwangwani chake pamsewu, sopo wa mlezi wa mwezi ndi mwezi sajambulika ndipo alibe tsiku lomaliza, pomwe fandi imabwera ya zaka 3 kapena 5 n'kutha. Sindikunena kuti ogwira ntchito m'mabungwe ndi oipa mtima, ambiri akudziwa bwino vutoli kuposa ine, koma ndalama zimabwera zitamangidwa kale kuti izi ndi za chakuti. Ndipo 2025 inatiphunzitsa tonse, USAID, bungwe la thandizo la boma la America, itatsekedwa mapulojekiti ambirimbiri anaima pakati pa njira popanda ndi kutsanzika komwe.

Zomwe zimagwira ntchito zikudziwika ndithu. Kafukufuku wa World Bank uja anatsata ma CBCC 199. Komwe anangophunzitsa alezi okha ana sanasinthe kwenikweni, koma komwe anaphunzitsa alezi n'kumasonkhanitsanso makolo m'magulu kuwaphunzitsa kucheza, kuimba ndi kusewera ndi ana kunyumba, ana anapita patsogolo pa kuyankhula ndi kukhala ndi anzawo. Chokhumudwitsa n'choti patapita zaka 3, anawo ali ku pulayimale, kusiyana kuja sikunaonekenso, ndipo ine sindidabwa, aliyense amene anasuzumirapo mu Sitandade 1 ya ana opitirira 100 ndi mphunzitsi mmodzi angamvetse. Ku Zomba nako Save the Children inayesa njira ina cha mu 2016, m'malo mobweretsa matumba a ufa anapereka mbewu, soya, mtedza, mbatata ya kholowa yofiira mkati ija, nkhuku, n'kuphunzitsa makolo kulima ndi kuphika zakasinthasintha kudzera pa mkombaphala pomwepo. Ana anayamba kudya bwino, ndipo chosangalatsa n'choti ngakhale ang'ono awo otsala kunyumba, oti sanayambe n'komwe sukulu, anapindula nawo.

Tsopano funso lanu lachiwiri. Ine ndinganene kuti musathamangire kuyambitsa bungwe. Kulembetsa ku NGORA, ofesi yoyang'anira mabungwe omwe si a boma, mafizi a chaka ndi chaka, malipoti, bodi, kandalama ka ku Joni kathera m'mapepala mwana asanalawe phala. Komanso mukangotchedwa bungwe anthu kumudzi ayamba kunena kuti "sukulu ya a ku Joni ija", monga ankanenera kuti "sukulu ya abungwe", denga likasasuka adzadikira inu. Nyumba ilipo kale. Tumani munthu wokhulupirika akakhale pansi ndi amfumu, a komiti ya chitukuko cha m'mudzi (VDC) ndi komiti yakale ya sukuluyo, afunse bwinobwino chomwe chinatsekera sukulu, chifukwa nthawi zina si njala yokha, pamakhala mkangano wa ndani anatenga mapoto, kapena alezi onse anali achibale a amfumu, anthu ena n'kunyanyala. Zimenezo ndalama sizikonza.

Akagwirizana, apite ku ofesi ya Social Welfare kuboma akaone ngati sukuluyo ili m'kaundula, chifukwa tirening'i kapena thandizo lililonse likabwera m'boma, ngati lomwe linabwera ndi pulojekiti ya World Bank ya Investing in Early Years, limadutsira kumeneko, ndipo osalembedwa amadumphidwa. Ndalama zanuzo ine ndikanaziika pa zinthu ziwiri. Kangachepe ka alezi mwezi uliwonse, kochepa koma kosadumpha, kutumiza pa Airtel Money kapena Mpamba molunjika kwa mwini wake, osadzera m'thumba la tcheyamani. Ndi munda wa sukulu, amfumu apereke malo, makolo alime, inu mugule mbewu ndi feteleza mu Okotobala mvula isanagwe, osati mu Januwale anthu atabzala kalekale. Shuga, nkhuni ndi ophika zikhale za makolo, zimenezo musazikhudze ngakhale akupempheni pa WhatsApp mokoma bwanji.

Ndipo musanalonjeze kanthu werengani kaye kuti pagulu lanulo ndi angati amene angasonkhebe chaka chachitatu, poti ku Joni nako ntchito imatha, wina amabwezedwa, wina amangosiya kuyankha pagulupu. Lonjezani za anthu ochepa amenewo. Ngati zikukwana alezi awiri yambani ndi awiri, wachitatu adzabwere munda ukakolola.