Qur'an yakale yopanda timadontho ankaiwerenga bwanji?

Achimwene, mwafunsa kuti tsamba lakale la Qur'an lomwe mwaliona pa chithunzi, lopanda fatha, kasra ndi dhamma (zizindikiro zosonyeza katchulidwe ka "a", "i" ndi "u"), anthu ankaliwerenga bwanji. Ankaliwerenga chifukwa mawuwo anali atawaloweza kale pamtima kuchokera pakamwa pa aphunzitsi awo. Tsambalo linali lowakumbutsa, osati lophunzirirapo munthu payekha.

Kalembedwe ka masamba oyambirirawo amakatcha Hijazi, ka zilembo zazitali zopendekera kumanja. Chitsanzo chotchuka ndi masamba awiri achikopa omwe ali ku yunivesite ya Birmingham, okhala ndi mbali za Surah Al-Kahf, Maryam ndi Ta-Ha. Mu 2015 adalengeza kuti atayeza chikopacho ku Oxford adapeza kuti nyama yake idafa pakati pa chaka cha 568 ndi 645. Tisamale apa, kuyezako kumanena za chikopa, osati tsiku lomwe mlembi adakhala pansi ndi inki. Komabe poti Mtumiki Muhammad (SAW) adamwalira mu 632, masambawa sali patali ndi nthawi ya maswahaba, omutsatira omwe adakhala naye.

Vuto lomwe mwaliona ndi lenileni. Mukachotsa timadontho, zilembo za Chiarabu monga ba, ta ndi tha zimaoneka chimodzimodzi, ndipo alembi oyambawo ankangoikapo timadontho apo ndi apo. Mwarabu woloweza sizinkamusokoneza. Koma Chisilamu chitafika kwa anthu omwe Chiarabu sichinali chawo, monga ife, kuphonya kudachuluka. Mbiri imati Abu al-Aswad al-Du'ali wa mumzinda wa Basra ku Iraq ndiye adayambitsa timadontho ta mtundu wina tosonyeza katchulidwe: pamwamba "a", pansi "i", kutsogolo kwa chilembo "u". M'mabuku akale mutiona tofiira. Zizindikiro zomwe ana athu amaphunzira ku madrasa lero zidachokera kwa al-Khalil ibn Ahmad, yemwenso anali wa ku Basra.

Ineyo kalembedwe ka Kufi, kotchedwa dzina la mzinda wa Kufa ku Iraq, n'komwe kamandigwira mtima. Zilembo zake n'zonenepa, zamakona, zokokedwa m'mbali, mwina mizere yowerengeka yokha pa tsamba lathunthu. Ganizani kuchuluka kwa zikopa zomwe buku limodzi linkadya! Pali Qur'an ina yolembedwa ndi golide pa chikopa chonyika mu utoto wobiriwira ngati thambo.

Pepala litafala, kalembedwe kadafewa. Qur'an yomwe Ibn al-Bawwab adalemba ku Baghdad cha m'ma 1000, yomwe tsopano ili ku laibulale ya Chester Beatty ku Dublin, ili ndi timadontho ndi zizindikiro zake zonse, moti zilembo zake mwana wa madrasa ku Mangochi angazizindikire.