Mayotte si dziko loima palokha

Achimwene, mwafunsa ngati Mayotte ndi dziko loima palokha. Ayi ndithu. Ndi zilumba zazing'ono za pakati pa Madagascar ndi kumpoto kwa Mozambique, ndipo zili m'manja mwa France. Mu 1974, pamene zilumba zina za Comoros zinkavotera ufulu wodzilamulira, anthu ambiri a ku Mayotte anakana. Kuyambira 2011 ndi chigawo chenicheni cha France: likulu lake ndi Mamoudzou, ndalama yake ndi yuro. Komabe mpaka lero boma la Comoros limati zilumbazi ndi zake.

Anthu ambiri ndi Asilamu, ndipo amalankhula Shimaore, chinenero chachibale ndi Chiswahili.

Chuma chimadalira kwambiri ndalama zochokera ku Paris. Kwa Afalansa ndi chigawo chosaukitsitsa, koma kwa anthu a ku Anjouan, chimodzi mwa zilumba za Comoros, ndi kolemera, n'chifukwa chake amawoloka nyanja pa timabwato totchedwa kwassa-kwassa. Ambiri amamira panjira, ndipo zimenezi zimandipweteka mtima. Amene afika amakakhala m'zisakasa za malata m'mbali mwa mapiri, zomwe namondwe Chido anazisasula mu Disembala 2024 asanafike ku Mozambique ndi kuno ku Malawi.