Kodi Cyprus idzakhalanso dziko limodzi? Yankho kwa mayi amene mwana wawo akuphunzira ku Famagusta

Sabata yatha ndinalandira imelo ya mayi wina amene mwana wawo akuphunzira pa yunivesite ina ku Famagusta, kumpoto kwa chilumba cha Cyprus. Analemba motere: "Mwana wanga akuti ndege yopita kumeneko imayenera kudzera ku Turkey, ndipo pafupi ndi kumene amakhala pali tauni ya mahotela yopanda anthu, yotchingidwa ndi waya. Akuti chilumbacho chinagawika pakati, ndipo zokambirana zochilumikiza zinayamba iye asanabadwe. Akukambirana chiyani chosathachi? Nanga zidzatheka?"

Zikomo mayi chifukwa cha funsoli. Mapulani olumikizira chilumbacho sakusowa, alembedwa ambiri ndipo amafanana kwambiri. Chimene chimakanika ndi choti mbali zonse ziwiri zileke kuopa pa nthawi imodzi.

Pachilumbapo pali mitundu iwiri ikuluikulu: olankhula Chigiriki, amene anali pafupifupi 78 pa 100 alionse pamene dzikolo linkalandira ufulu kwa Angerezi mu 1960, ndi olankhula chinenero cha ku Turkey, amene ndiziwatchula kuti Ateki, pafupifupi 18 pa 100. Malamulo a 1960 anati pulezidenti azikhala Mgiriki, wachiwiri wake Mteki, aliyense ndi mphamvu yokana lamulo. Mayiko a Greece, Turkey ndi Britain anaikidwa kukhala ankhoswe, okhala ndi ufulu wolowererapo zinthu zikavuta. Sungani mawu akuti ankhoswewa, tiwapezanso kutsogoloku.

Mukafunsa Mteki wa ku Cyprus kuti mavuto anayamba liti, akuuzani 1963. Chaka chimenecho Pulezidenti Makarios anafuna kusintha malamulo pa mfundo 13, chipolowe chinabuka mu December, Ateki anachoka m'boma ndipo pafupifupi 25,000 anathawa m'midzi yawo n'kukaunjikana m'madera otchingidwa. Mkulu wa asilikali a Britain anajambula mzere ndi pensulo yobiriwira pa mapu a mzinda wa Nicosia, ndipo mpaka lero malirewo amatchedwa Green Line. Mukafunsa Mgiriki, akuuzani 1974. Pa 15 July asilikali ofuna kuphatikiza chilumbacho ndi Greece analanda boma la Makarios, pa 20 July gulu lankhondo la Turkey linatsika pagombe la kumpoto, ndipo pofika August linali litagwira gawo loposa limodzi mwa magawo atatu a chilumbacho. Agiriki oposa 160,000 anathawira kumwera, Ateki oposa 40,000 anasamukira kumpoto. Tauni imene mwana wanu amaiona kuseri kwa waya ndi Varosha. Eni ake anathawa mu August womwewo akuganiza kuti abwerera pakatha masiku ochepa.

Onsewa akunena zoona, ndipo apa ndi pamene pagona nkhani. Mteki amaopa kudzakhalanso kagulu kochepa m'dziko lolamulidwa ndi ambiri. Mgiriki amaopa asilikali a Turkey, amene alipobe kumpotoko masauzande ambiri.

Mu 1977 Makarios ndi mtsogoleri wa Ateki, Rauf Denktaş, anagwirizana kuti njira yake ikhale chitaganya. Ndikudziwa kuti kwa ife mawu amenewa amatikumbutsa chitaganya cha Rhodesia ndi Nyasaland chimene makolo athu anachikana, koma uku tanthauzo lake ndi lina: dziko limodzi, mbendera imodzi ku United Nations, unzika umodzi, koma zigawo ziwiri, chilichonse chikuyendetsa chokha masukulu, apolisi ndi zina za tsiku ndi tsiku. Mapulani onse a United Nations kuyambira pamenepo amangidwa pa maziko amenewa, ngakhale kuti mu 1983 Denktaş analengeza kumpoto kukhala dziko lodziimira palokha. Dziko la Turkey lokha ndi limene linavomereza, n'chifukwa chake ndege ya mwana wanu imadzera kumeneko.

Pulani imene inafika patali kwambiri ndi ya Kofi Annan, mwana wa ku Ghana amene anali mlembi wamkulu wa United Nations. Inati gawo la Ateki lichepetsedwe kufika pafupifupi 29 pa 100, kuti Varosha ndi dera la malalanje la Morphou zibwerere m'manja mwa Agiriki. Asilikali a Greece ndi Turkey azichepa pang'onopang'ono mpaka kutsala 950 ndi 650. M'nyumba yapamwamba ya malamulo mbali ziwirizo zikhale ndi mipando yofanana. Pa 24 April 2004 anthu anaponya voti. Ateki 65 pa 100 anati inde. Agiriki 76 pa 100 anati ayi.

Ena amafulumira kuweruza Agiriki pa voti imeneyi. Ine sindingawaweruze mopepuka. Mgiriki amene anasiya nyumba yake ku Kyrenia, tauni ya kumpoto, anawerenga pulaniyo n'kuona kuti mwina sadzabwerera, kuti unkhoswe wa Turkey ukhalapobe, ndi kuti iye akuyenera kupereka mphamvu za boma tsiku loyamba pamene malo adzabwezedwa pang'onopang'ono, ngati lonjezo lisungidwa. Pulezidenti wawo, Tassos Papadopoulos, anawapempha pa wailesi yakanema kuti akane. Cholakwika chachikulu ndimachiona kwina: European Union inali italonjeza kale kulandira Cyprus kaya voti ipite kuti. Patangotha sabata imodzi, pa 1 May 2004, dzikolo linalowa m'bungwelo lili logawikabe. Wokana sanataye kanthu tsiku limenelo, ndipo amene anati inde anatsala kunja. Bala limeneli kumpoto silinapole.

Mwayi wina unabwera ndi Mustafa Akıncı, mtsogoleri wa Ateki, ndi Nicos Anastasiades, pulezidenti wa kumwera. Awiriwa anafika mpaka popatsana mapu ku Geneva mu January 2017, ndipo kusiyana kwa malire awo kunali gawo limodzi lokha pa 100. Anagwirizana zambiri, ngakhale nkhani yoti upulezidenti uzisinthana pakati pa mitundu iwiriyo inali patebulo. Koma ku Crans-Montana, m'mapiri a ku Switzerland, zokambirana zinagwa pa 7 July 2017, ndipo chachikulu chimene anapunthwapo ndi ankhoswe aja. Agiriki ankafuna tsiku lodziwika loti asilikali a Turkey achoke ndi unkhoswe uthe. Mbali inayo sinafune kusiya chitetezo chake chisanaoneke chipatso cha kugawana mphamvu. Mpaka pano aliyense amaloza mnzake chala.

Pali nkhani inanso imene pepala lililonse limavutika nayo, ya nyumba ndi minda. Nyumba imene Mgiriki anaisiya mu 1974 mwina mukukhala banja la Mteki amene nayenso anasiya yake ku Paphos, kumwera, ndipo adzukulu abadwira momwemo. Mwini wake ndani? Mapulani amatchula njira zitatu: kubweza, kusinthana, kapena kulipira chipepeso. Chaka chilichonse chikamadutsa, kubweza kumavutirako.

Mu 2020 kumpoto kunasankhidwa Ersin Tatar, amene pamodzi ndi boma la Turkey anati zachitaganya zatha, pakhale mayiko awiri. Chaka chomwecho anatsegula gawo la gombe la Varosha kuti anthu aziyendako. Maganizo a mayiko awiri sindigwirizana nawo. Angasandutse zimene nkhondo inachita kukhala lamulo, ndipo Ateki a pachilumbapo, amene ambiri amadandaula kale kuti akumezedwa ndi Turkey, angatsale opanda pogwira pena. Zikuoneka kuti iwo eni akuona chimodzimodzi, pakuti mu October 2025 anasankha Tufan Erhürman, wokhulupirira chitaganya, ndi mavoti oposa 60 pa 100. Kumwera Pulezidenti Nikos Christodoulides akunena kuti ndi wokonzeka kuyambira pamene anasiyira ku Crans-Montana. Komabe popanda boma la Turkey ku Ankara kuvomera, palibe chingasainidwe.

Ndiye zidzatheka? Mwana wanu asanamalize maphunziro, sindikuyembekezera choncho. Koma sindinataye mtima, chifukwa anthu a pachilumbapo agwirizanapo kale pa zinthu zovuta. Kumapeto kwa zaka za m'ma 1970, magazi asanaume n'komwe, mameya awiri a Nicosia, Lellos Demetriades ndi Akıncı yemwe uja, analumikiza mipope ya zonyansa ya mzinda wonse kudutsa pansi pa malire. Zipata zitatsegulidwa mu April 2003, anthu anakagogoda pa nyumba zawo zakale, ndipo ambiri anapatsidwa khofi ndi zithunzi za banja zimene okhalamo anawasungira zaka pafupifupi 30. Lero lino akatswiri achinyamata a mitundu yonse iwiri amakumba limodzi m'zitsime ndi m'minda kufunafuna mafupa a anthu 2,002 amene anasowa, Agiriki 1,510 ndi Ateki 492. Oposa 1,000 azindikiridwa kale, ndipo mabanja awo alandira timabokosi tokaika m'manda a kwawo.