Estere anabisa mtundu wake, nanga titengerepo chiyani?

Mayi wina wandilembera pa imelo kuti: "Kumsonkhano wa amayi amatiuza kuti titengere Estere. Koma iyeyu anabisa kuti ndi Myuda mpaka zinthu zitathina. Khalidwe loopa Mulungu lili pati pamenepa?"

Zikomo mayi. N'zoona anabisa, ndipo osati masiku ochepa. Analowa ufumukazi ku Susa m'chaka cha 7 cha mfumu Ahaswero, amene ambiri amati ndi Xerxes wa ku Perisiya, ndipo Hamani, nduna yaikulu ya mfumuyo, anachita maere opha Ayuda m'chaka cha 12. Zaka zonsezo ali chete. Koma Estere 2:10 akuti anamuletsa kuulula ndi Moredekai, yemwe anamulera makolo ake atamwalira. Mwana wamasiye, Hadasa (dzina lina la Estere), wafika kunyumba yachifumu koma akumverabe womulera! Ambirife tikangokwera pang'ono, mawu a otilera timawaona achikale.

Kukhala chete kwakeko sikunali kodzikonda. Moredekai atatulukira chiwembu chopha mfumu, Estere anakanena nkhaniyo m'dzina la Moredekai, osadzitengera ulemu.

Ine pamene pamandigwira mtima ndi mutu 4. Moredekai anamuuza kuti akapempherere Ayuda kwa mfumu, koma lamulo linali loti wolowa kwa mfumu osaitanidwa aphedwe, pokhapokha mfumu itamuloza ndi ndodo yagolide, ndipo iye anali atatha masiku 30 osaitanidwa. Mantha anali nawo, sanabise. Moredekai atamudzudzula, sanapse mtima kuti mukulankhula ndi mfumukazi. Anapempha Ayuda onse a mu Susa asale kudya ndi kumwa masiku atatu, iye ndi adzakazi ake chimodzimodzi, nati ngati n'kufa, afe. Dzina la Mulungu silitchulidwa m'buku lonseli, koma amene akusala masiku atatu asanagogode pakhomo la mfumu, mukuganiza kuti akudalira kukongola kwake?

Atalandiridwa sanapupulume. Anakonza phwando, mawa lake linanso, ndipo pachiwiripo ndi pamene anapempha moyo wake ndi wa anthu a mtundu wake, Hamani ali pomwepo. Chinsinsi chija anachiulula tsiku limene kuulula kukanamuphetsa.

Hamani atapachikidwa, Estere anali wotetezeka, mayi. Akanatha kupuma. Koma makalata opha Ayuda anali atafika kale m'zigawo 127, kuyambira ku India mpaka ku Kusi, choncho anagwanso pamapazi a mfumu akulira, kupempherera anthu amene sanawaonepo n'komwe.