Kwa ofuna kubwera ku Harare kudzasamala odwala: mumve kaye za azakhali anga

Mwana wa achemwali anga wandilembera pa WhatsApp kuchokera ku Dedza. Akuti poti agogo ake aja atisiya, kodi iye sangabwere kudzagwira ntchito yomwe ankagwira, yosamala okalamba kuno ku Harare? Sabata yomweyo ndamvanso za mtsikana wina wa ku Ntcheu amene wagona pa siteshoni ya mabasi ya Roadport, chikwama chili kumutu, chifukwa munthu amene anamulonjeza ntchito anadya ndalama zake n'kuzimitsa foni. Ndiye ndati ndiyankhire pano kuti ena a maganizo omwewo amve nawo. Iwe mwana wanga, usati mayi ako aang'ono akukukaniza. Ndikungofuna udziwe zimene agogo akowo sankalemba m'makalata awo.

Azakhali anabwera dziko lino likadali Rhodesia, kutsatira amuna awo amene ankaphika kunyumba ya mzungu ku Avondale. Njira inali itatseguka kale. M'zaka za chitaganya, 1953 mpaka 1963, anthu akwathu ankakhamukira m'mafamu a fodya, m'migodi ndi m'makhitchini a ku Salisbury, amene lero ndi Harare, ndipo ukapita lero ku Mabvuku, Tafara, Mufakose kapena Mbare upeza zidzukulu zawo, Chichewa chikuwavuta pakamwa koma chiwongo ndi Phiri, Banda, Mwale. Mpingo wa CCAP unawatsatira anthuwa, mpaka kuno kunakhala sinodi yakeyake mu 1965. Mumpingo umenewo ndi momwe azakhali anakhala moyo wawo wonse. Lachinayi, tsiku limene amayi a mipingo yambiri kuno amavala yunifolomu n'kukumana, iwo sankajomba. Ankadzuka kukadali mdima, kugwada pa simenti, kutchula mayina a ana a eni mmodzimmodzi, ngakhale a anthu amene anawalakwira dzulo lake.

M'zaka za m'ma 1990, Edzi itasesa makomboni ndipo mankhwala otalikitsa moyo asanafike m'zipatala za boma mu 2004, kunali odwala amene abale awo ankangowakankhira mbale pakhomo. Azakhali ankalowa. Ankawasambitsa, kuwachapira zofunda, kuwamwetsa phala ndi supuni, ndipo akamwalira iwo omwe ankasambitsa thupi. Sankafunsa kuti ndiwe Mchewa, Myao kapena Mshona, wa mpingo kapena wa kumzikiti. Amuna awo atamwalira, ntchito imene ankaigwira mwaulere ija ndi imene inasanduka yowadyetsa: anayamba kugona m'nyumba za anthu ku Greendale ndi ku Marlborough, kusamala nkhalamba zimene ana awo ali ku London, ku Perth kapena ku Johannesburg. Ndinaona ndi maso anga gogo wina amene ankakana chakudya kwa wina aliyense, koma azakhali akamuimbira nyimbo ya kutchalitchi ankatsegula pakamwa. Munthu wotero sindinamuonenso. Koma anamwalira opanda penshoni, opanda nyumba ya dzina lawo, msana utapindika, ndipo zimenezi ndi zimene zikundilembetsa.

Choyamba, mapepala. Azakhali anakhala kuno zaka zonsezo ndi chitupa cholembedwa kuti ndi mlendo. Lamulo la unzika litasinthidwa mu 2001, ngakhale ana obadwira kuno anauzidwa kuti ayambe akana unzika wa dziko la makolo awo, dziko limene ena sanalipondepo. Ambiri sanadziwe n'komwe poyambira, anangotsala pakati, a ku Zimbabwe ayi, a ku Malawi ayi. Malamulo aakulu a dziko a 2013 anabwezera unzika kwa obadwira kuno amene kholo lawo linachokera m'mayiko a SADC, koma kuti ukatenge chitupa chatsopanocho pamafunika kalata ya kubadwa, ndipo alipo azigogo a m'mafamu amene alibe n'kapepala kamodzi komwe, choncho mwana alibe, mdzukulu alibenso. Iweyo ukubwera ndi pasipoti, uli bwino kuposa iwo. Koma chidindo chimene akupatse pa malire a Nyamapanda n'cha mlendo wodzacheza, sichokulola kugwira ntchito, ndipo chili ndi tsiku lothera. Chilolezo cha ntchito ya m'nyumba kwa munthu wakunja sichapafupi, ndikuuziretu. Munthu akamakuuza kuti usadandaule, mapepala akonza iye ukafika, umufunse kuti akonza pa ofesi iti. Ndipo pasipoti yako usapatse munthu kuti akusungire, kaya ndi bwana, kaya ndi mayi wa kumpingo, kaya ndi kondakitala wa basi pa Zobue amene akuti akakudinditsira. Tsika wekha, ima pamzere wekha. Uijambule pa foni, utumize kumudzi, ndipo ukafika udziwe kumene kuli ofesi ya kazembe wa Malawi.

Chachiwiri ndi chimene chimandiwawa kwambiri, malipiro. Azakhali sankatha kufunsa ndalama. Ankati Mulungu ndiye adzalipira. Ine sindikutsutsa, Mulungu wawalipiradi, koma lendi ya ku Tafara sankalipira Mulungu, ankalipira iwo. Banja lina anakhala nalo zaka zambiri, kusamala mayi wodwala sitiroko usana ndi usiku. Ana a mayiyo ankaimba foni kuchokera kunja n'kumati “Gogo, inu ndinu mayi athu, ndinu wa m'banja lino.” Mawu amenewo uwaope, mwana wanga. Wa m'banja salipidwa owonjezera akachezera usiku, wa m'banja sapita kutchuthi, wa m'banja akadandaula amaoneka wosayamika. Mayi uja atamwalira, nyumba inagulitsidwa mwezi usanathe, azakhali anapatsidwa zovala za malemu m'chikwama ndi ndalama ya kombi. Pamaliro a azakhali anthu amenewo anatumiza nkhata ya maluwa. Nkhata! Ine ndinaiona ndipo misozi imene ndinalira pamenepo sinali ya maliro okha.

Ndiye usanagone m'nyumba ya munthu usiku woyamba, mugwirizane: ndalama zingati, tsiku liti la mwezi, ndani akulipira, mwana wa ku UK kapena m'bale amene ali pano, tsiku lopuma ndi liti, ndipo ntchito yako ndi wodwala yekha kapena uphikenso, uchape, usese pabwalo, ulere ndi adzukulu. Zilembedwe, ngakhale pa WhatsApp, bola umboni ukhalepo. Ngati ndalama imadzera kwa m'bale wa pano, uonetsetse kuti wotumizayo akudziwa imene ikufika m'manja mwako, chifukwa yambiri imathera panjira. Ndipo unene kuti ukufuna madola a America. Azakhali anasunga tindalama ku banki zaka zambiri, mu 2008 tonse tinasanduka mapepala. Pofika kumayambiriro kwa 2009 kunali ndalama ya pepala limodzi ya 100 trillion yosakwana kugula chakudya cha tsiku. Kenako kunabwera ndalama zina, ma bond note mu 2016, RTGS mu 2019, ndipo kuyambira April 2024 tili ndi ZiG. Amene takhalitsa kuno tinaphunzira ndi misozi. Ukalandira, tumiza ya kumudzi msanga kudzera njira zodziwika ngati Mukuru, osati kupatsira munthu wa pabasi amene wangomudziwa lero. Zipereganyu ziliko ndipo zimathandiza, koma lowa ndi anthu amene ukudziwa pakhomo pawo. Ine ndalama zanga zinapita ndi mayi wina amene tinkakhala naye benchi imodzi kutchalitchi, mpaka lero tikakumana ku Mbare Musika amayang'ana kumbali.

Za thupi lako tsopano. Ntchito imeneyi anthu kumudzi amaiona ngati kukhala pampando n'kumaonera TV ndi gogo. Munthu wogona amafunika kumutembenuza maola awiri alionse, usiku womwe, apo ayi amatuluka zilonda m'chiuno ndi m'zidendene zimene sizipola msanga, ndipo zikatuluka mlandu ndi wako. Kumunyamula kuchoka pabedi kupita pa njinga ya olumala, pinda mawondo, msana uwongoke, umuyandikitse pathupi pako, ndipo ngati ndi wolemera ukane kumunyamula wekha. Azakhali sankakana. Zaka zawo zomaliza ankayenda atawerama, ndipo amene ankatembenuza ena usiku wonse anasowa wowatembenuza kupatula ife amene tinkachokera kuntchito titatopa. Magolovesi agule eni nyumba, si iwe. Madzi a mumpopi kuno amatha masiku osabwera, magetsi a ZESA amathima maola ambiri, choncho ufunse ngati pakhomopo pali thanki kapena mjigo, chifukwa kusamala munthu wodziyipitsira popanda madzi ndi chilango. Kolera ya 2008 inapha anthu opitirira 4,000 m'dziko lino, inabweranso ku Glen View ndi Budiriro mu 2018, ndiye madzi akumwa uziwiritsa kapena kuthira mankhwala. Ngati ungathe, chita maphunziro a nurse aide, a Red Cross ndi a St John amaphunzitsa, ndipo setifiketi imakupatsa pakamwa pokambira malipiro.

Gula kabuku ka sukulu. Uzilembamo nthawi imene wapereka mankhwala a BP kapena a shuga, zimene wodwala wadya, tsiku limene wagwa kapena wakana kumwa mapiritsi, ndi ndalama iliyonse imene wapatsidwa yogulira zinthu, risiti uphatikize. Okalamba ena amadwala matenda oiwala. Amabisa ndalama pansi pa matiresi, mawa n'kunena kuti mtsikana wa ku Malawi waba, ndipo ana awo ali kutali amakhulupirira mayi awo. Azakhali anasechedwapo chikwama pamaso pa ana aang'ono, Baibulo lawo likukutumulidwa ngati muli madola, mphete imene ankati yabedwayo n'kupezeka m'thumba la gauni la mwini wake. Palibe anapepesa. Iwo anabwerera kukamusambitsa gogoyo madzulo omwewo. Ine sindikanatha, ndipo sindikukupempha kuti iwe uzipirire zotero. Choopsa kuposa apo ndi imfa: wodwala akamwalira uli naye wekha, pamakhala wina wonong'ona kuti anthu a ku Malawi amadziwa mankhwala. Mbiri imeneyo anatipachika kalekale. Ukaona kuti wodwala wasintha, imbira abale nthawi yomweyo, tumizanso uthenga wolemba, ulembe ndi m'kabuku.

Za madobadoba a ntchito sindichulutsa. Ntchito yeniyeni siyamba ndi iwe kulipira. Amene akukuuza kuti bwera ku Harare, uphunzire miyezi itatu, akupezera pepala lopitira ku UK kukasamala okalamba, akukunamiza: anthu ambiri kuno anagulitsa mapuloti a nyumba ndi ng'ombe chifukwa cha mapepala abodza amenewo, ndipo boma la UK linatseka njira yolemba osamala okalamba kuchokera kunja mu July 2025. Usakwere basi ku Wenela kapena ku Lilongwe wopanda nambala ya munthu wachiwiri wa kuno, amene si mnzake wa wokuitanayo, ndi ndalama yobwererera yosokerera m'kati mwa siketi.

Chachitatu, mpingo. Apa ndiye utsanzire agogo ako ndi mtima wonse. Tenga kalata kwa abusa kwanu, ukafika ukaipereke, anthu akudziwe dzina ndi mudzi. Mu 2005, nthawi ya Murambatsvina pamene boma linkagwetsa nyumba zimene linkati n'zosaloledwa, kanyumba ka kuseri kamene azakhali ankachita lendi kanagwetsedwa m'nyengo yozizira, katundu ali pabwalo. Ena ankauzidwa kuti abwerere kumudzi kwawo, koma munthu wa ku Dedza mudzi wake uli kuti m'dziko lino? Anawatola ndi amayi a Chigwirizano, kuwagoneka m'khitchini mwa wina mpaka atapeza pena. Lamulungu lako uliteteze pa mgwirizano wa ntchito uja, chifukwa amene amatsekeredwa m'mipanda ya ku Borrowdale mwezi wonse osaonana ndi munthu ndi amene amazunzika popanda womva. Chishona uphunzire msanga, sichovuta kwa ife, ndipo gogo amene ukumusamala akadwalika amaiwala Chingerezi n'kubwerera ku chilankhulo cha mayi ake. Koma usaganize kuti aliyense wonyamula Baibulo ndi azakhali. Alipo aneneri amene adzafuna chakhumi cha madola ako asanakufunse ngati wadya.

Ulowenso bungwe la maliro mwezi woyamba womwe, usadikire kuti ukhazikike. Makolo athu anayambitsa mabungwe amenewa chifukwa ankadziwa kuti kufera kutali n'kodula. Azakhali ankasonkha mwezi ndi mwezi, ngakhale pamene analibe ya ndiwo, ndipo bokosi, basi ndi chakudya cha pamaliro zinachokera kumeneko. Tinawaika kuno, pafupi ndi amuna awo, monga ananenera okha. Abale a kumudzi ankaimba foni usiku wonse kuti thupi libwere kwawo, kuti tikuchita mwano kuika mwini mbumba kuchilendo. Kunyamula maliro kudutsa malire awiri, Nyamapanda ndi Dedza, ndi makalata a chipatala, a boma ndi a kwa kazembe, galimoto ya maliro ikulipidwa m'madola, iwo ankaganiza kuti ndalama yake ichokera kuti? Pa onse amene ankakuwa aja palibe anatumiza ngakhale ya mchere. Anthu omwewo ndi amene azakhali ankawalipirira fizi ndi kuwagulira feteleza chaka ndi chaka ndi msana wopindika uja.

Ukawerenga izi upite nazo kwa amalume ako, uwawerengere mokweza. Uwauze kuti amayi a kumpingo ayamba kale kusonkha za chiliza, ndipo tikufuna tidziwe mwezi uno ngati a ku Dedza aponyapo kanthu kapena timange tokha.